Laputopu yanu ilibe mlandu, achimwene

Achimwene, mwati pulogalamu yanu ya Python yowerengera manambala a Fibonacci ikumangoti zii mukaipatsa 40, fani n'kumalira ngati chigayo, ndiye mukufuna kukasaka laputopu ina ku Limbe. Ndalamazo zisungeni kaye. Vuto si makina, koma function yanuyo ndi yoiwalaiwala.

Nambala iliyonse ya Fibonacci imapezeka pophatikiza manambala awiri a m'mbuyo mwake, ndiye kuti ipeze fib(40), function yanu ya fib imaitana fib(39) ndi fib(38). Koma fib(39) nayonso imakaitana fib(38) yakeyake, n'kuyambanso kuwerengera pachiyambi. Zimatero mpaka pansi, moti function imaitanidwa ka 331,160,281, pomwe mayankho ofunika alipo 41 okha, kuyambira fib(0) kufika fib(40). Ngakhale mutagula makina othamanga kawiri, pofika 42 mwabwerera pomwe munali.

Kwathu ku Ndirande kuli amayi ena a pa okala amene analemba pa katoni mtengo wa mazira, limodzi, awiri, atatu, mpaka thireyi yonse. Munthu akati mazira 7, iwo sawerengeranso, amangoponya diso pa katoni paja. Memoization ndi imeneyo. Function ikawerengera kamodzi imasunga yankho mu dictionary (kandandanda kosunga funso ndi yankho lake), ndipo ikafunsidwanso funso lomwelo imangotola. Dzinali analipeka ndi Donald Michie mu 1968, kuchokera ku liwu loti memo, ndiye musaikemo r poganiza kuti talakwitsa sipelo.

Mu Python simuvutika n'kulemba dictionary nokha. Pamwamba lembani from functools import lru_cache, kenako ikani @lru_cache(maxsize=None) pamzere wa pamwamba pa def fib. Ngati muli ndi Python 3.9 kapena yatsopano kuposa pamenepo, lembani from functools import cache n'kuika @cache basi. Yankho libwera musanachotse chala pa Enter. Mukatero itanani fib.cache_info(), muona misses 41 (maulendo amene inawerengera) ndi hits 38 (maulendo amene inangotola yankho losungidwa). Mukasiya maxsize osaitchula, imasunga mayankho 128, ndipo ikadzadza imataya limene latha nthawi yaitali lisanafunsidwe.

Koma apa ndiye mumvetsere, chifukwa ine zinandionekera. Njirayi imayenera function imene ukaipatsa zomwezo imabweza zomwezo tsiku lililonse. Ndinalembera shopu ina m'tauni muno kapulogalamu ka ma invoice, ndipo function yotenga mtengo wa dola pa intaneti ndinaiika lru_cache poti inkachedwetsa zinthu. Mu November 2023 kwacha anaitsitsa mphamvu ndi 44 peresenti. Kompyuta ya m'shopumo sankaizimitsa, ndiye pulogalamu inapitiriza kutulutsa ma invoice pa mtengo wakale mpaka eni ake anandiimbira foni, ndipo sanayambe ndi moni. Amayi a ku Ndirande aja mazira akakwera amang'amba katoni n'kulemba ina, koma Python sidziwa kuti kunja zinthu zasintha. Mumaiuza nokha ndi cache_clear(). Chilichonse chodalira nthawi, database, intaneti kapena random, muziganiza kawiri musanachisunge. Chimodzimodzi function imene imatumiza SMS kapena kulemba mu fayilo, ulendo wachiwiri sidzatumiza kanthu, idzangobweza yankho lakale.

Tina ting'onoting'ono. Function ya lru_cache mukaipatsa list idzakana ndi TypeError, list-yo isandutseni tuple. Ndi maxsize=None palibe chimene chimatayidwa, ndiye pulogalamu yokhala yoyaka masabata ikhoza kudya RAM yonse mwakachetechete. Komanso musathamangire fib(5000) poti zayamba kuthamanga, Python imaletsa recursion (function kudziitana yokha) yozama kupitirira pafupifupi 1000, mudzalandira RecursionError. Pamenepo loop wamba yosunga manambala awiri omaliza ndiyo yabwino, ndipo kunena zoona pa Fibonacci ine ndimakonda imeneyo. Aphunzitsi amaipereka ya recursion kuti muone nokha kuwawa kwake.

Yesani usiku uno magetsi akakhalapo, mutiponyere screenshot ya cache_info() pompano.