Kwa mayi amene mukuchita manyazi pa limba

Kalata yanu, mayi, ndayiwerenga katatu. Mukuti woyimba limba pampingo panu anamwalira, akuluakulu aloza inu chifukwa munaphunzirako piyano muli mtsikana. Nyimbo za m'buku mukuzikwanitsa, koma pa chopereka ndi potuluka mumasowa choyimba chifukwa zopondera za kumapazi simuzitha. Mawu amene andilasa mtima ndi akuti mukuchita manyazi.

Manyazi amenewo ndikuwadziwa. Nditangofika ku England ndinkapemphera m'katchalitchi ka miyala kumudzi, kozizira, anthu ake ochepa, ambiri okalamba. Atamva kuti kwathu ndinkayimba kiyibodi m'kwaya, anandipatsa kiyi wa limba la mapaipi. Ine m'mutu mwanga munali zoti woyimba limba weniweni ndi amene amayimba nyimbo zovuta za Bach, katswiri wopeka nyimbo wa ku Germany. Miyezi itatu ndinalimbana ndi nyimbo imodzi, madzulo aliwonse ndikaweruka kuntchito, zala zitauma gwa ndi chisanu. Tsiku loti ndiyimbe, phazi linaponda polakwika, manja n'kusokonekera, ndinaima pakati. Tchalitchi chonse zii. Ndinalira njira yonse yopita kunyumba.

Sabata yotsatira ndinapita kukabweza kiyi. Podikira, ndinatukula chivundikiro cha benchi yokhalira ija. M'katimo munali mabuku ofiirira ndi ukalamba, onunkha chinyezi, ngodya zake zodyeka. Wina kalekale analemba ndi pensulo manambala a zala pamwamba pa manotsi. Dzina pachikuto: Caleb Simper. Ndinayimba tsamba loyamba pomwepo, osalakwitsa, manja okha. Kiyi uja sindinabwezenso.

Simper anabadwa mu 1856, anamwalira mu 1942, ndipo zaka zambiri anakhala ku Barnstaple m'chigawo cha Devon. Ankalembera matchalitchi a kumidzi, kumene limba lake nthawi zambiri linali laling'ono lopopa mphepo ndi mapazi, ndipo woyimba wake anali mphunzitsi kapena mwana wa abusa. N'chifukwa chake nyimbo zake zili pa mizere iwiri yokha, ya dzanja lamanja ndi lamanzere. Akatswiri a nyimbo anamunyoza kwambiri, amvekere n'zotsekemera mopitirira muyeso, zopanda nzeru. Ine ndikukana. Wonyozayo sanakhalepo pa benchi Lamulungu m'mawa, mbale ya chopereka ikuyenda, abusa akuyang'ana, mtima ukugunda. Kulemba nyimbo yoti munthu wamba ayimbe bwino, anthu n'kupemphera nayo, ndi luso lalikulu, ndipo kuzitaya nyimbo zimenezi kunali kulakwira mipingo yaing'ono.

Ndipotu si Simper yekha. John Stainer, amene anali woyimba limba ku St Paul's Cathedral ku London kuyambira 1872 mpaka 1888, sanadzione wamkulu: anathandiza kusonkhanitsa timabuku ta The Village Organist, tolembera anthu ngati inu ndi ine. Edward Elgar nayenso, wopeka nyimbo wa ku England, asanatchuke, analemba nyimbo za limba zotchedwa Vesper Voluntaries zimene zinasindikizidwa mu 1890, zazifupizifupi, zodekha.

Chimene chimandikhudzanso n'chakuti makutu athu anazizolowera kale. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, Mfumukazi Victoria ali pampando, ndipo nyimbo zambiri zimene amishoni anatisiyira m'mabuku athu n'za nthawi yomweyo. Ndikamayimba Simper ndimamva mawu a agogo anga akukoka nyimbo pamaliro, mapindidwe ake omwewo.

Tsono muyambire pati?

Mabuku ambiri a nthawi imeneyo ali pa IMSLP, tsamba la pa intaneti losungira mabuku a nyimbo, aulere. Sankhani nyimbo zitatu zokha: yofatsa ya polowa, ina ya chopereka, ya mphamvu ya potuluka. Yesererani pang'onopang'ono, dzanja lamanzere palokha poyamba. Pa ya chopereka ija, chongani ndi pensulo malo awiri kapena atatu amene mungathere bwino, kuti mbale ikafika kutsogolo msanga musachite kudula pakati. Mapazi muwasiye kaye pansi pa benchi mpaka manja atazolowera.