Lamba wa injini akamalira, musamupake sopo

Amayi ena a ku Chelstone, mu Lusaka, andilembera kuti Corolla yawo ikumalira kwiii m'mawa akangoiliza, ndipo makaniko wawauza kuti apake sopo pa fan belt, lamba wa injini. Akufunsa ngati atero.

Amayi, nkhani ya sopoyi imandipweteka mtima. Mlamu wanga anamuchita zomwezo pa galaja ina ku Matero. Mnyamata anatenga sopo wochapira n'kumukanikiza pa lamba injini ikuyenda, zala zili pafupi ndi pulley (kagudumu komwe lamba amazungulirapo), phokoso n'kuzima. Mlamu analipira akumwetulira. Posakhalitsa kunagwa maliro ku Petauke. Atangodutsa Chongwe pa Great East Road, nyali ya batire inayaka, singano ya kutentha n'kuyamba kukwera. Lamba anali ataduka. Pa injini yake lamba yemweyo ndiye amazunguza alternator (yotchaja batire) ndi pampu ya madzi oziziritsa injini, ndiye panalibenso zopitiriza ulendo. Azimayi anakhala m'mbali mwa msewu ndi thumba la ufa wa pamaliro mpaka mdima, ndipo anakafika mwambo utatha.

Makaniko wotere sakonza galimoto, amangoitseka pakamwa. Ena amathira brake fluid, ena oilo, zomwe siziyenera kukhala pa lamba. Nafenso eni magalimoto timakonda wotichotsera phokoso msanga kuposa wotiuza zoona. Komanso mvula ikagwa timalowa m'madzi a m'misewu yathu osaganiza kuti matope akukhala m'mizere ya lamba.

Chochita

Injini ili yozima, yang'anani lamba. Ngati wang'ambika, mizere yadyeka, akunyezimira kapena wanyowa ndi oilo, m'sintheni, ndipo pomwe pakudontha oiloyo pakonzedwe. M'kanikizeni ndi chala pakati pa ma pulley awiri: akalowa kwambiri, ndi wolefuka. Kenako lizani injini, muwaze timadzi pa mizere ya lamba, manja ndi chitenje zili kutali. Phokoso likakula, vuto ndi kulefuka kapena tensioner (kagudumu kokunga lamba) yatha mphamvu. Likazima pang'ono n'kubwerera, ma pulley sanayang'anizane bwino. Likapanda kusintha, kayikirani bearing, kachitsulo ka m'kati komwe pulley imazungulirapo.

Pokagula watsopano, lembani nambala ya pa lamba wakaleyo, monga 6PK ndi manambala otsatira: 6 ndi mizere, otsatirawo ndi utali wake m'mamilimita. Makaniko akachotsa lamba, muuzeni azunguze pulley iliyonse ndi dzanja inu muli pomwepo, mumve ngati ina ikukhula.