Injini ya boti ikukana kulira

Achimwene, mwati injini yanu ya 2-stroke, ija timasakaniza petulo ndi oyilo, yakhala miyezi iwiri osaigwiritsa ntchito, pano mukukoka chingwe mpaka phewa kuwawa koma ikungotsokomola kamodzi kenako zii. Chonde musathamangire kumasula kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, ambiri amayambira pamenepo kenako timasikuluwu tagwera m'madzi, vuto lija lasanduka awiri.

Yambani ndi zochititsa manyazi zija. Kachingwe kofiira ka kill switch, kaja timamanga padzanja, kali m'malo mwake? Kakachoka pulagi situlutsa moto olo mukoke tsiku lonse. Ine zinandichitikirapo, thukuta kamukamu ndikuitukwana injini, kumapeto ndikukapeza m'thumba mwanga momwe. Giya ikhalenso pa neutral.

Koma ine ndikukayikira mafuta. Masulani kaye kasikuluwu ka pachivundikiro cha thanki kuti mpweya uzilowa, mukatero finyani kampira kopopera mafuta ka pa paipi yochokera ku thanki mpaka kalimbe, kakamangokhala kofewa ndiye kuti paipi yang'ambika penapake ikukoka mpweya kapena munailumikiza chozondotsa, muvi wa pakampirapo uziloza ku injini osati ku thanki. Ndiye petulo ali mmenemo ndi wa miyezi iwiri yemwe uja? Thirani pang'ono m'botolo loonekera mkati mudikire, ngati muli madzi muwaona atakhazikika pansi. Ameneyo mchotseni yense, thirani watsopano. Injini zambiri zotere zimafuna 50:1, kutanthauza oyilo 100ml pa malita 5 a petulo, koma onani zomwe analemba pa yanuyo. Kuchulutsa oyilo poganiza kuti mukuisamala kumangodetsa pulagi basi.

Tsopano masulani pulagiyo, imeneyo sinama. Ikakhala yonyowa ndi petulo ndiye kuti mwaimwetsa kwambiri ndi choki, chija timakoka poliza injini yozizira, bwezani choki, pukutani pulagi iume, kokani kangapo isanabwerere kuti mafuta otsala atuluke. Wosuta fodya akhale kutali apa. Ikakhala youma gwa, mafuta sakufika. Kuti muone moto, ivekeni kapu yake, igunditseni pachitsulo cha injini patali ndi bowo la pulagi, mnzanu akoke. Moto wabwino ndi wa buluu wothetheka, ukakhala wofiirira wofooka yesani pulagi ina. Osagwira ndi dzanja lokha, imamenya zoopsa.

Moto ulipo, mafuta abwino, pulagi youmabe? Eya, apo ndiye kabuleta tsopano. Petulo akauma mkatimo amasiya zomatamata zomwe zimatseka ma jet, timabowo todutsa petulo, makamaka kakang'ono ka idle kogwira ntchito injini ikamalira pang'onopang'ono. Tsukani ndi carb cleaner, osatokosa ndi waya mungakulitse bowo. Koma chingwe chikamakokeka mopepuka kuposa kale ndiye compression, mphamvu yopanikiza mpweya mkati mwa injini, yathawa, mwina ma ring a pisitoni atha, imeneyo ndi ya makaniko wokhala ndi geji yoyezera.

Chinanso, ngati mukuyesera kumtunda ikani mwendo wake, mbali ya m'munsi yokhala ndi pulopela, mu dilamu ya madzi mpaka timabowo tolowera madzi timire. Impeller, yomwe imapopa madzi oziziritsa injini, ndi ya labala, ikazungulira pouma sichedwa kupsa. Ikangolira yang'anani ngati kamadzi koziziritsa injini kakutuluka kumbuyo, ngati ayi zimitsani pompo.