Funsani Amalume: Kodi a Joyah ndi Sembène wa ku Malawi?

FUNSO: Amalume, ndimaphunzitsa pa sekondale ina kuno ku Salima, ndipo Lachisanu masana ndimaonetsa mafilimu kwa ana a kalabu ya zisudzo. Posachedwapa tinaonera Seasons of a Life ya a Shemu Joyah. Itatha, mnzanga wophunzitsa Chifalansa anati a Joyah ndiwo Sembène wa kwathu kuno. Ine ndinakana, ndinati ulemu umenewo wawakulira. Tinatsutsana njira yonse mpaka pa Kamuzu Road, aliyense n'kukwera kabaza wake tisanamvane. Tiweruzeni. Mphunzitsi, Salima

YANKHO: Aphunzitsi, mnzanuyo musamuseke, pali pamene wagwira. Komabe mlanduwu ndiugamula mokomera inu, ngakhale chifukwa changa si chanucho.

Tiyambe ndi munthu mukulimbiranayo, poti owerenga ena dzina lake alimva lero. Ousmane Sembène anabadwa mu 1923 ku Ziguinchor, kummwera kwa Senegal, mwana wa msodzi. Sukulu anaisiyira panjira. Anakhalako mmisiri womanga nyumba, anakhalako msilikali wa France pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kenaka n'kukhala wonyamula katundu padoko la Marseille, ndipo kumeneko ndi kumene anayamba kulemba mabuku. Atabwerera kwawo anaona kuti anthu amene ankawalembawo sangawerenge zimene walemba, poti zinali m'Chifalansa ndipo ambiri a iwo sukulu sanaiponde. Ndiye ali ndi zaka pafupifupi 40 anapita ku Moscow kukaphunzira kujambula kanema. Anamwalira mu 2007 atasiya mafilimu aatali 9. Yomaliza, Moolaadé, inatuluka mu 2004 mkuluyu ali ndi zaka 81.

A Joyah nawo kamera anaigwira atakula kale. Ntchito yawo ndi yoyeza malo, usaveya, ndipo anayamba zimenezi m'dziko limene wailesi ya kanema inangofika mu 1999. Filimu munaonerayo ndi yawo yoyamba. Inatsatira The Last Fishing Boat mu 2012, kenaka The Road to Sunrise mu 2017, imene inakatenga mphotho ya mafilimu a mu Africa ya AMVCA ku Nigeria mu 2018 n'kukhalanso filimu yoyamba imene Malawi anatumiza ku mpikisano wa Oscar. Onse awiri ndi anthu olambula njira patchire, ndipo apa mnzanuyo mumugwire chanza.

Pali china chimene mwina mnzanuyo sanakuuzeni, chomwe chikadamuthandiza pa mtsutso wanu. Onse awiri, filimu yawo yoyamba yaitali ndi ya mtsikana wantchito wa m'nyumba. Ya Sembène ndi La Noire de…, ya mu 1966. Diouana, mtsikana wa ku Dakar wolera ana a Azungu, mabwana ake amutengera ku Antibes ku France. Iye akuganiza kuti akaona dziko, koma dziko lake likuthera kukhitchini: kukolopa, kuchapa, kuphikira alendo mpunga, kukalipiridwa. Mapeto ake adzipha m'bafa. Mwa a Joyah, mtsikana wantchito apatsidwa mimba ndi bwana wake, mwanayo akulira m'manja mwa banja lomwelo, mtsikana apita kusukulu, akhala loya, n'kubwera kudzamenyera mwana wake kukhoti.

Pamenepo ndiye pamene njira zawo zapatukira. A Joyah amakhulupirira sukulu ndi khoti. Amakuonetsa bala, kenaka n'kukulozera kumene kuli mankhwala. Sembène mankhwalawo sankapereka. Onani mmene anatsekera filimu yake. Bwana uja abwerera ku Dakar ndi sutikesi ya malemu, afika kwa mayi wa Diouana, atulutsa ndalama. Mayi aja azikana n'kumufulatira. Kamnyamata ka pamudzipo katola chigoba cha kumaso chimene Diouana anapatsa mabwana ake ngati mphatso, kavala, n'kuyamba kumulondola Mzunguyo pambuyo. Iye akufulumira, akucheuka, kamwana kali pambuyo pomwepo. Palibe woweruza, palibe wopepesa, palibe amene waima kukufotokozera tanthauzo lake. Umadzuka pampando mlandu uli m'manja mwako.

Sindikunena kuti kupatsa anthu chiyembekezo ndi tchimo. Ana anu a fomu 3 akufunika kuona mtsikana wosauka atavala mkanjo wa uloya, ndipo mwachita bwino kuwaonetsa. Koma inuyo, aphunzitsi, mukudziwa atsikana amene amachoka ku Khombedza kapena ku Chipoka kukagwira ntchito m'nyumba za ku Lilongwe. Ndi angati amakafika ku Zomba kukaphunzira zamalamulo? Ambiri amabwerako ndi kachikwama ndi mwana kumbuyo, malipiro a miyezi yomaliza osalandira. Sembène akadajambula ameneyo. Ndipo maofesi sankawakhulupirira n'komwe. Mu filimu yake ya Mandabi ya mu 1968, bambo wina wa mitala, wosagwira ntchito, alandira ndalama za pa positi kuchokera kwa mphwake wa ku Paris. Kuti azitape akufunika chiphaso, kuti apeze chiphaso akufunika setifiketi yobadwira ndi zithunzi, ndipo pakhomo lililonse pali wina womudyera, pamene kunyumba achibale ndi aneba ayamba kale kudzabwereka ndalama zimene sanazigwire. Aliyense amene anafolako pamzere wa chiphaso cha unzika filimu imeneyi aimva popanda womasulira.

Kusiyana kwachiwiri si mlandu wa a Joyah okha, ndi wa tonsefe. Ife Amalawi nkhani tinaiphunzira ndi khutu. Tinakulira pa Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino pa MBC, kenaka pa nsanja ndi Du Chisiza ndi gulu lake la Wakhumbata, ndi Izeki ndi Jakobo. Pa wailesi, munthu akakwiya amayenera kunena kuti wakwiya, apo ayi womvera sadziwa. Chizolowezi chimenechi tinalowa nacho m'kanema. Mayi akulira, kamera ili pankhope pake, misozi tikuiona, koma wolemba amamupatsabe mawu oti alengeze kuti mtima ukumupweteka. Ine ndinayendetsapo shoo ya vidiyo kuno ku Linga masiku a matepi, ndipo ana ankadzaza mabenchi kuonera mafilimu a karate a Chitchaina osamvapo liwu ndi limodzi lomwe, koma akatuluka ankafotokoza nkhani yonse mwatchutchutchu. Chithunzi chinkawauza. A Joyah diso ali nalo kuposa ambiri mwa ojambula athu, amadziwa poimika kamera, koma nkhani yothera kukhoti mwachibadwa imayenda ndi pakamwa. Yesani izi Lachisanu likubwerali: tsekani mawu kwa mphindi khumi, anawo akuuzeni chimene chikuchitika ndi amene walakwiridwa. Muchite chimodzimodzi ndi filimu ya Sembène. Mukatero mudzandilembere.

Za chilankhulo ndingodutsapo. La Noire de… ili m'Chifalansa, mpaka maganizo a mumtima a Diouana timawamva m'Chifalansa. Koma pofika pa Mandabi Sembène analimbikira Chiwolofu, moti anajambula filimuyo kawiri, ina m'Chifalansa yokondweretsa eni ndalama, ina m'chilankhulo cha anthu ake. Mafilimu athu aatali ambiri, a Joyah omwe, amatsamira Chingerezi. Chifukwa chake ndikuchimvetsa, kuno misika ya filimu kulibe, nyumba zoonetsera kanema n'zosowa, ma CD amangokopedwa pamsika, ndiye maso amakhala ku zikondwerero za kunja. Koma agogo a ku Lifuwu atsala panja.

Ndiye mwapambana, aphunzitsi, osati chifukwa a Joyah ndi aang'ono, kapena kuti mafilimu awo ndi ochepa. Ndi anthu awiri ofuna zinthu zosiyana kwa woonera. Wina amafuna utuluke utalimba mtima, winayo ankafuna utuluke utakwiya. La Noire de… ndi ya ola limodzi lokha, ikwana bwino nthawi ya kalabu, ndipo mnzanu wa Chifalansayo chilango chake chikhale kumasulira.

FUNSO: Amalume, ndine mnyamata wa ku Chia, ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe ndi kamera yobwereka. Ndikufuna kupanga filimu ya asodzi a kwathu kuno. Ena akuti ndionere kaye mafilimu akalekale opanda kala, koma ine amandigonetsa tulo. The Last Fishing Boat ndinaonera, kodi si yokwanira? Mnyamata wa ku Chia, Nkhotakota

YANKHO: Mphwanga, siyokwanira, ndipo ndikupatsa imodzi yokha yoti upirire nayo. Dzina lake La Terra Trema, anaipanga Luchino Visconti ku Italy mu 1948. Mkuluyu anali mwana wa banja lolemera la ku Milan, koma anapita kukakhala pamudzi wa asodzi wa Aci Trezza pachilumba cha Sicily, n'kujambula filimu yonse popanda katswiri wa zisudzo ndi mmodzi yemwe. Osewera onse ndi asodzi enieni a pamudzipo ndi mabanja awo, akulankhula chilankhulo chawo chomwe anthu a ku Rome ankalephera kumva.

Nkhani yake uizindikira msanga. Asodzi achezera usiku wonse panyanja, m'mawa ogula nsomba mopikulitsa ndi amene atchula mtengo. Mnyamata wina, 'Ntoni, atopa nazo. Tsiku lina mkangano ubuka pagombe, iye atenga masikelo a ogulawo n'kuwaponya m'madzi. Kenaka akakamiza banja lake kupinyolitsa nyumba kuti azigulitsa okha nsomba. Poyamba ziyenda, agwira tinsomba tambiri tonga usipa, banja lonse lichezera kutithira mchere m'migolo uku akuseka. Koma ngongole siidziwa nyengo. Alowa panyanja tsiku losayenera kulowa, namondwe aphwanya boti, nsomba za m'migolo zija azigulitsa motchipa kwa anthu omwe aja, nyumba ilandidwa, ndipo 'Ntoni abwerera kukapempha ganyu m'maboti a adani akewo.

Tsono yerekeza ndi The Last Fishing Boat ya a Joyah. Mmenemo muli msodzi amene nyanja yamutembenukira, nsomba zatha, mwana wake wasanduka woperekeza alendo, ndipo mkazi wake wamng'ono akunyengereredwa ndi Mzungu wokhala ndi ndalama. Zimenezo n'zoona, ukafika ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear uziona ndi maso. Koma mtima wa filimuyo uli pa mlendo ndi ndalama zake. Visconti mtima anauika pa mtengo wa nsomba: wagwira ndani, wayeza ndani, wadya phindu ndani. Ku Chia kwanuko Mzungu si amene amagonetsa anthu ndi njala. Nkhani ili pakati pa mwini chilimira (ukonde wa usipa), alovi ake okoka ukondewo, siginala amene amakhala yekha m'bwato ndi nyali kuitana usipa, ndi amayi amene afika pagombe kusanache ndi mabeseni kulimbirana ndowa imodzi, ena mpaka kulipira ndi thupi lawo kuti nsomba ziwapeze. Ili pa kugawana ndalama m'mawa, mafuta a injini atachotsedwa kale. Ili pa mwezi wa Juni, mwera ukuwomba sabata yathunthu, mathandala ali mbee, wina n'kunena kuti tilowebe. Filimu imeneyo sinajambulidwe, ndipo Visconti anachita kuchoka kutali kukaphunzira zimene iwe umaziona ukangotsegula chitseko.

Za tulo sindikutsutsa. Filimuyi ndi yaitali, ipitirira maola awiri ndi theka, ndipo itatuluka anthu a kwawo komweko sanaikonde, ndalama sinabweze. Ionere pang'onopang'ono, theka la ola patsiku. Uziyang'ana chinthu chimodzi: kamera ikaima pagombe, kutsogolo wina akusoka ukonde, pakati ena akukangana mtengo, kumbuyo boti likukocheza, zonse nthawi imodzi osadula. Iwe wa maukwati unazolowera kuthamangira nkhope ya mkwatibwi. Phunzira kubwerera m'mbuyo.

Usanayambe, ukaonekere kwa amfumu ndi ku komiti ya pagombe, ndipo aliyense womujambula umuuze kumene filimuyo ikaonetsedwe. Osewera asakhale anzako a ku boma ovala masanza obwereka, manja a mlovi sabwerekeka. Alankhule mmene amalankhulira pa Chia, usawakonze Chichewa chawo. Ndalama zikapezeka uyambe wagula maikolofoni yabwino ndi chophimbira chake, kamera ibwere pambuyo, chifukwa mphepo ya kunyanja imameza mawu onse ndipo woonera amakhululukira chithunzi chofooka koma osati phokoso. Mabatire utchajiretu awiri, boti la usipa likalowa madzulo silibwerera kumtunda chifukwa cha iwe.