Kwa achimwene ofuna kukalowa mu Oasis ya ku Swindon

Achimwene, funso lanu ndinaliona usiku ndili ku ntchito, ndiye ndinati ndiyankhe ndikakhala pansi bwinobwino. Mwati mwaonera mavidiyo pa YouTube a anyamata akuyenda ndi matochi mkati mwa Oasis Leisure Centre ya ku Swindon, ndipo nanunso mukufuna kukalowamo ndi kamera yanu. Mukufunsa ngati apolisi angakugwireni, komanso ngati mkatimo muli choopsa. Ndaona ena akuyankhani kale kuti kuno ku England kulowa pamalo a eni si mlandu, ingopitani. Akunena zoona, koma zoona zake ndi theka chabe, ndipo theka linalo ndi limene lingakupwetekeni.

Chidwi chanucho ndikuchimvetsa. Ine ana anga anaphunzira kulimbana ndi mafunde momwemo, pansi pa denga lozungulira lija looneka ngati mbale yovundikira nsima. Malowa anatsegulidwa mu 1976, ndipo anali ndi dziwe losambiramo la makina opanga mafunde, mapaipi otsetserekamo, jimu ndi holo yaikulu ya masewera yomwe munkachitikiranso zoimba. Ngakhale gulu loimba lija la ku Manchester, la Oasis, linatenga dzina lake pa malo amenewa. Anatseka mu 2020 nthawi ya Covid, ndipo mu November chaka chomwecho a GLL, omwe ankayendetsa malowo, analengeza kuti sadzatsegulanso. Mu December 2021 denga lozunguliralo ndi dziwe lake zinaikidwa pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa ndi boma, pa Grade II. Musaiwale mfundo imeneyi, chifukwa kuwononga dala nyumba ya pa mndandanda umenewu ndi mlandu pawokha.

Tsopano za malamulo. N'zoona kuti kungolowa pamalo a munthu popanda chilolezo, nthawi zambiri ndi nkhani ya pakati pa inu ndi mwini malo. Alonda akakupezani amakuuzani kuti mutuluke, mukatuluka mwaulemu nkhani imathera pomwepo. Koma tandiuzeni, m'nyumba yokhomedwa ndi matabwa komanso yotchingidwa ndi mpanda mukalowera pati? Mukasuntha thabwa n'kulithyola, kapena kudula waya wa mpanda, mwapalamula mlandu wowononga katundu pansi pa lamulo la mu 1971. Mukapezeka ndi chitsulo chotsegulira zitseko m'chikwama, apolisi atha kunena kuti munanyamula zida zokabera. Ndipo mukatola kanthu, kaya kachikwangwani kolembedwa kuya kwa madzi koti mukapachike kuchipinda, lamulo la Theft Act la mu 1968 limautcha mlandu umenewo kuthyola nyumba, ndipo chilango chake pa nyumba yosakhalamo anthu chimatha kufika zaka 10. Sindikunena kuti angakupatseni zaka zonsezo chifukwa cha kachikwangwani ayi. Ndikunena za dzina la mlandu lomwe lidzalembedwe pa mbiri yanu.

Apa ndi pamene ife timasiyana ndi anyamata a m'mavidiyo aja. Mnyamata wobadwira konkuno akapatsidwa caution, chenjezo la apolisi lolembedwa pa mbiri yake, amakaseka ndi anzake ku pabu. Inu ndi ine tili ndi mafomu a Home Office, unduna woona za maviza, otidikira, ndipo mafomu amenewo amafunsa za milandu ndi machenjezo a apolisi. Ambirife timagwira ntchito ya care, komwe DBS, chikalata choonetsa mbiri yanu ya milandu, imaunikidwa musanalembedwe. Viza munaivutikira, ndalama zake mwina abale anachita kusonkherana, ndiye muiike pachiswe chifukwa cha zithunzi za dziwe louma? Komanso tinene mosabisa, munthu wakuda akapezeka ndi tochi usiku kuseri kwa mpanda, si onse amene amayamba aganiza kuti ndi wojambula.

Koma chimene chandipangitsa kulemba zambiri chonchi si apolisi. Ine ntchito yanga ndi yosamalira makina a madziwe osambiramo, ndipo zaka zapitazo ananditumako ndi mnzanga ku malo ena otere, m'tauni ina, omwe anali atatsekedwa kwa nthawi ndithu. Tinalowa ndi makiyi, masana dzuwa likuswa mtengo, titavala zipewa ndi nsapato za zitsulo. Chinatilandira ndi fungo: nkhungu, zitosi za nkhunda ndi kafungo kena ka mankhwala kokanda pakhosi. Dziwe likakhala lopanda madzi matayilosi amayamba kufufuma ndi kumatuka okha, ndiye ukaponda amalira ngati ukuponda zigoba za mazira, m'mphepete mwake muli mwakuthwa ngati lumo. Kumbali yakuya kunali madzi a mvula obiriwira, ndipo ndi maso sukanadziwa ngati ndi ofika m'kakolo kapena m'chiuno. Mumdima, m'mphepete mwa dziwe simuoneka n'komwe. Phazi limodzi lolakwika, wagwera pa simenti kuchokera pamtunda woposa msinkhu wako.

Tsoka lathu linatipeza mu holo ya masewera, momwe tinkaona ngati ndi mwabwinobwino. Pansi pa maholo amenewa amayala matabwa okhala ndi mpata kunsi kuti azinyutuka anthu akamadumpha. Denga likayamba kudontha, matabwawo amaola kuyambira kunsi, pamwamba vanishi akuwalabe, mizere ya badminton ikuoneka bwino. Mnzanga anangoti phazi ponde, mwendo wonse lowu mpaka m'bondo, msomali n'kumung'amba katumba. Tinali awiri, foni inali ndi netiweki, galimoto inali pakhomo, ndipo ofesi inkadziwa komwe tili. Mwa zinayizi, inu mukalowa mozemba mudzakhala ndi zingati?

Chipinda chomwe ojambula amachikonda kwambiri, cha mapampu ndi mathanki a mchenga osefera madzi, ndi chomwe ine ndimachiopa kuposa zonse. Mukukumbukira HTH uja ankatigawira kumudzi nthawi ya kolera kuti tizithira m'madzi akumwa? Madziwe amagwiritsa ntchito mankhwala a mtundu womwewo koma ochuluka zedi, ndipo pambali pake pamakhala asidi wochepetsera mphamvu ya madzi. Ziwirizi zikakumana zimatulutsa mpweya wa chlorine, womwe ndi wolemera kuposa mpweya wamba, motero umakhazikika pansi, m'zipinda za kunsi momwe mulibe mawindo. Sindikunena kuti ku Oasis kunatsala migolo yotere. Ndikunena kuti m'nyumba yosiyidwa simudziwa chomwe munthu amene analowa dzana anagubuduza. Muli mathanki a pansi okhala ndi zivundikiro zoti mbava za zitsulo zimachotsa, muli madzi odikha omwe makoswe amakodzeramo, ndipo mkodzo wa khoswe ukalowa pabala umadwalitsa matenda otchedwa Weil's disease.

Ndiye pali asibesitosi. Kwathu timamudziwa ngati malata otuwa a pa sukulu zakale, osamuopa n'komwe. Kuno anamuletsa kotheratu mu 1999, ndipo nyumba iliyonse yomangidwa chisanafike chaka cha 2000 amaiyesa kuti ikhoza kukhala naye, m'masiling'i, m'zokutira mapaipi, ngakhale m'matayilosi a pansi. Akakhala osakhudzidwa savuta. Koma m'nyumba zosiyidwa, anthu ofuna kopa amang'amba siling'i ndi kusenda mapaipi, fumbi lake n'kumwazika ponseponse. Silinunkha, silitsokomoletsa tsiku lomwelo, matenda ake amadzaonekera patapita zaka makumi angapo. A HSE, bungwe la boma loona za chitetezo pa ntchito, amati anthu pafupifupi 5,000 amamwalira chaka chilichonse ku Britain ndi matenda obwera ndi fumbi limeneli. Kamasiki kabuluu ka nthawi ya Covid sikalitchinga, ndipo lotsala pa jekete mukalipititsa kunyumba kwa ana.

Wakutsina khutu ndi mnansi, achimwene. Musalowemo.

Kamerayo musaiike m'kabati ayi. Denga lija limaoneka kuchokera panja, ndi kamtunda koyenda pansi kuchokera pa siteshoni ya sitima, ndipo kujambula mutaima pamsewu wa aliyense palibe angakuletseni. Pitani chakumadzulo dzuwa likupendeka. Mukatero dutsani ku Railway Village, mu Swindon momwemo, mukaone Mechanics' Institute, nyumba ya m'ma 1850 yomwe yakhala ikuwonongeka chitsekereni fakitale ya sitima mu 1986. Nayonso ijambuleni muli kunja kwa mpanda. Mwezi wa September kumakhala Heritage Open Days, pamene nyumba zambiri zakale zimatsegulidwa kwaulere, ndiye muziyang'ana mndandanda wa m'dera lanu.

Koma ngati chomwe mtima wanu ukufuna ndi kuima m'nyumba ya dziwe louma n'kumva mawu anu akubwerera kuchokera kudenga, kwerani sitima mupite ku Manchester, ku Victoria Baths. Anatsegula mu 1906, anatseka mu 1993, ndipo anthu a m'deralo anakana kuti nyumbayo ife. Mu 2003 inapambana mavoti pa pologalamu ya BBC yosankha nyumba zakale zoti zikonzedwe. Lero amalandira alendo pa masiku oikika, ndipo mumaona madziwe opanda madzi, tizipinda tosinthiramo zovala tili ndandanda m'mbali, matayilosi obiriwira ndi mawindo a magalasi amitundumitundu. Onani kaye masikuwo pa intaneti musanagule tikiti ya sitima, chifukwa satsegula tsiku lililonse. Mukaganiza zopita mundiuze mu inbox, mwana wanga wamkulu nayenso wayamba zojambulajambula, titha kupitira limodzi.