Apongozi akuti dzina lawo lifa chifukwa ndabereka atsikana okhaokha

Azakhali,

Ndine mayi wa ku Dedza koma ndinakwatiwa ku England, ndi mzungu. Tili ndi ana awiri aakazi, onse obadwa mwa opaleshoni, ndipo wachiwiriyu sanakwanitse n'komwe mwezi. Vuto ndi apongozi anga aamuna. Dzina la banja lawo ndi Percy, ndipo pabalaza anapachika chithunzi cha chishango chokhala ndi mkango. Amati makolo awo anabwera ndi mfumu William mu 1066. Amuna anga ndi mwana wamwamuna yekhayo. Tsiku limene anabwera kudzaona khanda kuchipatala, anangolisuzumira n'kunena kuti tiyeserenso, dzina lingafe. Chonsecho dokotala anandiuza kuti mimba ina ikhoza kundivuta. Nditapempha kuti pa dzina la mwanayu tiwonjezepo la kwathu, akuti kumeneko n'kuipitsa dzina. Amuna anga angoti ziii. Nditani?

Wothedwa nzeru, England

Mwanangu,

Choyamba landira mafuno anga abwino, Mulungu akukulitsire atsikana akowo. Za mimba ina zija tisataye nazo nthawi. Mawu a dokotala ndiwo omaliza, chifukwa pa bedi la opaleshoni udzagonapo ndiwe, apongozi ali kunyumba akumwa tiyi.

Tsono za dzinalo, apongozi ako sakunama zonse. Mu October 1066, William, wolamulira wa Normandy kumpoto kwa France, anagonjetsa mfumu Harold pa nkhondo ya ku Hastings, n'kulanda England. Malo anawagawira anthu ake, ndipo ambiri a iwo ankadziwika ndi midzi imene anachokera. Percy ndi dzina la mudzi ku Normandy komweko. M'kaundula wa malo wotchedwa Domesday Book, wa mu 1086, muli William de Percy ali ndi minda yambiri ku Yorkshire ndi ku Lincolnshire. Mu 1309 banjali linagula nyumba yamalinga ya Alnwick, ndipo lilipobe pamenepo mpaka lero.

Koma pali mbali imene mwina sakuuza. Pasanathe zaka 150 chifikireni, ana aamuna anatha m'banjamo. Chuma chinagwera m'manja mwa ana aakazi, ndipo mmodzi wa iwo, Agnes de Percy, anakwatiwa ndi Joscelin wa ku Louvain, mlongo wake wa Adeliza, mfumukazi ya ku England. Ana awo anatenga dzina la mayi. Mu 1670 zinachitikanso: Josceline Percy anamwalira atasiya mwana mmodzi yekha, wamkazi, Elizabeth. Mdzukulu wa Elizabeth ameneyu, nayenso Elizabeth, anakwatiwa mu 1740 ndi Sir Hugh Smithson. Bamboyu mu 1750 anasiya dzina la bambo ake omubereka n'kutenga la Percy, mochita kudutsira kunyumba ya malamulo, ndipo mu 1766 anamuveka udindo waukulu waufumu wotchedwa Duke of Northumberland. Ife a ku Dedza ndi ku Ntcheu tikanangoti mkamwini walowa m'mbumba ya mkazi wake. Ndiye amene akuti mtsikana amapha dzina la Percy, afotokoze kuti lafika bwanji chaka chino.

Chinanso, kukhala ndi dzinali sikutsimikiza kuti ndiwe wa magazi a ku Alnwick. Anthu wamba a ku England anayamba kukhala ndi mayina opatsirana a banja patapita zaka mazana awiri kapena atatu chichitikireni nkhondo ija, ndipo ena ankangotenga dzina la bwana wawo kapena la malo. Josceline Percy uja atamwalira mu 1670, James Percy, wopanga mabokosi a zovala ku Dublin, anadzuka n'kunena kuti udindo umene malemuyo anasiya ndi wake. Analimbikira mlanduwo kwa zaka zambiri, mpaka mu 1689 akuluakulu a House of Lords, mbali ina ya nyumba ya malamulo, anagamula kuti ndi wabodza, ndipo analamula kuti aonekere ku makhoti a ku Westminster Hall atavala pepala pachifuwa lonena zimenezo. Ndipo chishango chapabalazacho, ku England chimaperekedwa kwa munthu ndi mbadwa zake, osati kwa aliyense wa dzina lofanana. Zambiri zimene zili m'makomamu anthu amachita kugula m'sitolo.

Komatu usakatenge zimenezi n'kukawakhuthulira apongozi pa chakudya cha Lamlungu. Ukapambana mtsutsowo, udzakhala wawachititsa manyazi pamaso pa mwana wawo, ndipo nkhalamba siiwala. Ndikuganiza kuti bambowa akuopa kuiwalika, monga achitira okalamba kulikonse, ndipo chishangocho ndi pogwirira chabe.

Amene ndakhumudwa nawo ine ndi amuna ako. Mkazi ali ndi bala losapola, bambo awo akulankhula zotere, iwo n'kumayang'ana pansi? Kukhala chete kumeneko n'kuvomereza. Khala nawo pansi ana atagona, uwafunse mosapsatira ngati nawonso akuona kuti atsikanawa ndi osakwanira. Akati ayi, apite okha kwa bambo awo, iwe usapiteko, akawauze kuti nkhani ya mwana wachitatu yatsekedwa. Nkhani ya Agnes ndi Elizabeth akaifotokoze iwowo, mwaulemu, mwina ingawatonthoze akuluwo kumva kuti adzukulu awo aakazi akhoza kulisunga dzinalo. Akayamba kuzemba funsolo, ndiye kuti vuto lili m'nyumba mwako momwemo, ndipo mufunika ankhoswe kapena mlangizi wa mabanja.

Za dzina la kwanu, lamulo la ku England limalola makolo kulembetsa mwana ndi dzina la bambo, la mayi, kapena onse awiri molumikiza. Agogo safunsidwa. Koma mwana amayenera kulembetsedwa pasanathe masiku 42 chibadwire, ndiye mugwirizane awirinu sabata ino, musanapite ku ofesi yolembetsera.

Azakhali