Osakweza buludoza ya D21 musanatchinge kumbuyo kwa thirela

Achimwene, mwafunsa zonyamula buludoza yanu ya D21 kupita nayo ku Jali, m'boma la Zomba. Ikhoza kufika pa thirela yokokedwa ndi lole, koma osati ndi malamba onyamulira matumba a chimanga amene mukuti dalaivala ali nawo. Ndawerenga mawu oti malamba mtima wanga wachita kuti phaa. Komatsu D21 imalemera pafupifupi matani 4, thirela payokha imatha kufika tani imodzi ndi theka, ndiye yang'anani kachitsulo kolembedwa GVM pa thirelapo. Nambala imeneyo ndi ya katundu pamodzi ndi thirela yomwe. Ngati siyikupyola matani 5.5, iwalani, kasakeni lowbed, thirela yaikulu yotsika yonyamulira makina olemera. Thirelayo ikhalenso ndi mabuleki akeake, chifukwa a lole okha sangagwire zonsezo.

Koma ngozi yeniyeni ili pokweza, galimoto isanasunthe n'komwe. Ndinaziona ku Chinamwali mvula itagwa usiku wonse. Dalaivala anaimika lole pamalo opendekeka pang'ono, mutu utaloza kumunsi, n'kukoka handibuleki basi. Mwala pa tayala sanaike, thabwa pansi pa thirela sanaike. Tikumuuza, iye akuti wanyamula zoterezi zaka zambiri, tisamuphunzitse ntchito. Buludoza itangoponda ma ramp, zitsulo zokwererapo pa thirela, kulemera konse kunagwera kumchira kwa thirela, mchira unatsika, kutsogolo kunatukuka n'kunyamula kumbuyo kwa lole. Handibuleki imagwira matayala akumbuyo okha, ndipo matayala amenewo anali m'mwamba, dzanja limalowa pansi pake. Lole, thirela, buludoza, zonse zinayamba kutsetsereka limodzi mu cab ya lole mulibe munthu. Opareta wa buludoza anachita mantha n'kukoka chokhotetsera, ma track (zitsulo zimene buludoza imayendera m'malo mwa matayala) odzaza katondo anaterereka pa chitsulo chonyowa ngati sopo, makina anapita cham'mbali. Track imodzi inagwa pa ramp, bledi, chitsulo chakutsogolo chokankhira dothi, inabaya pansi, ndipo bledi imeneyo ndi imene inaimitsa zonse, mpanda wa eni ake utatsala mamita awiri. Ana anali ataima pomwepo kuonerera. Dalaivala uja? Anayamba kukalipira opareta, kenako anafuna ndalama ya ramp imene inapindika. Anthu ngati amenewa amatenga ntchito pa foni osafunsa n'komwe kuti makinawo ndi olemera bwanji, akabwera abwera ndi malamba awiri othetheka ndi pakamwa pokha.

Ndiye inu chitani izi. Pezani malo athyathyathya, olimba, osati m'mbali mwa ngalande. Thirela ikhale yolumikizidwa ku lole, matayala a lole akutsogolo ndi a thirela muwatchinge ndi zipika mbali zonse. Pansi pa mchira wa thirela ikani matabwa okhuthala kapena ma stand, musiye kampata ka zala ziwiri kuti mukakweza muthe kuwasolola. Palani matope onse m'ma track ndi fosholo. Chitsulo pa chitsulo sichigwirana, choncho yalani matayala akale kapena matabwa pa ramp ndi pa thirelapo. Ramp isakhale yoimirira, madigiri 15 ndi okwanira. Ngati ili yaifupi, bwezerani thirela pa kachulu kapena kumbani pang'ono pamene matayala akuima.

Opareta alunjike bwino akadali pansi, giya yoyamba, injini pang'onopang'ono, bledi yotukula pang'ono chabe, lamba wa pampando atamanga. Pa ramp palibe kukhota. Akaona kuti wapotoka atsike ayambirenso. Pamwamba pa ramp pali malo amene buludoza imayamba yaloza kumwamba kenako n'kugwa chamutu pa thirela, chifukwa ma track sapindika ngati mmene matayala amachitira. Pamenepo ndi pamene anthu amadzidzimuka n'kukoka zinthu. Apite ngati nkhono. Wolozera akhale mmodzi, aime kutali pomwe opareta akumuona, ena onse achoke kupatula wokhala mu cab ya lole, makamaka ana.

Poimika, kulemera kukhale patsogolo pang'ono pa ma axle. Pa cholumikizira thirela ku lole pagwere 10 mpaka 15 peresenti ya kulemera konse, ndiye kwa inu ndi makilogalamu 550 mpaka 825. Mukaibweza m'mbuyo kwambiri thirela imayamba kuvina mukangothamanga, mukaikankhira kutsogolo kwambiri matayala a lole akutsogolo amapepuka, chiwongolero sichimva. Tsitsani bledi pa thabwa, buleki, loko ya ma lever, zimitsani, chotsani kiyi, tsekani ekizozi kuti mvula isalowe.

Matcheni akhale anayi, ngodya iliyonse yake, olimba a mtundu wa Grade 70. Ya 8 mm imodzi imaloledwa pafupifupi matani 2, ya 10 mm matani 3. Mphamvu ya onse pamodzi isachepere theka la kulemera kwa makina, koma ine ndimati pyolani, misewu yathu mukuidziwa. Awiri akokere kutsogolo, awiri kumbuyo, mopingasa ngati X. Kolani pa drawbar (chitsulo chokokera cha kumbuyo kwa buludoza) ndi pa malo omangira a pa felemu, osati pa ma cylinder, pa mapaipi a hydraulic kapena pa chogwirira chokwerera. Bledi ipatseni tcheni yakeyake yachisanu. Tcheni yolumikiza ndi bawuti kapena yowotcherera itayeni, imaduka pomwepo. Ma binder, zokungira matcheni, gulani a ratchet. A lever aja mukawonjezera paipi kuti mukoke mwamphamvu, akabwerera amathyola chibwano. Malamba ayi, m'mphepete mwa track ndi mwakuthwa, amawadula musanafike pa Matawale.

Mukayenda makilomita 5 imani mumangenso, chifukwa makina amakhazikika matcheni n'kukhwepa. Gwirani matayala ndi ma hub a thirela ngati akutentha. Mukalowa msewu wafumbi imaninso. Liwiro lisapyole 50, potsetsereka lowetsani giya yaing'ono musanayambe kutsika, osati muli pakati. Wina akadzakuuzani zokwera nayo ku Ku Chawe, pa phiri la Zomba, ndi kathirela kameneka mukane, makhota aja ndi kutsika kuja mabuleki amapsa. Yezani utali wa bledi, ikatuluka kunja kwa thirela muipendeketse, ikakanabe pitani kwa a Road Traffic mukafunse chilolezo cha katundu wotambalala, muikenso mbendera zofiira. Denga la makina mulionenso, m'makwalala a m'malokeshoni mawaya amagetsi amalendewera pansi. Tsiku la msika pewani, njinga za kabaza zimangotulukira paliponse.

Za dalaivala, musangomukhulupirira, tcheni iliyonse muigwire nokha muipondeponde. Komanso musamulowerere kwambiri, akakhala wodziwa ntchito n'kunena kuti lero sitikweza chifukwa pansi panyowa, mumvereni, mulipireni tsiku lakelo abwere mawa. Ndipo ngati thirela yanu ilibe ma stand koma pamalopo pali chulu chabwino, kwezerani pa chulupo popanda ramp n'komwe, ambiri timatero. Zipika pa matayala zokha musaiwale, ndipo mu cab ya lole mukhale munthu phazi lili pa buleki.